Mafuta a mbewu zathu pa khungu: pamene amathandiza ndi pamene sathandiza

  Ine ndine mmodzi wa ana anu amene timayenda khomo ndi khomo pa nkhani za umoyo. Nkhani iyi ndinaikamba pa wailesi. Yalembedwa pano kuti muisunge m'nyumba, ndipo muwawerengere anzanu amene sadziwa kuwerenga.

Lero tikambirana za mafuta odzola ochokera ku mbewu zathu: mpendadzuwa, mtedza, chitowe, nsatsi ndi zina.

Ikafika nyengo yozizira, mu Juni ndi Julayi, ndimaona zinthu ziwiri m'makomo. Choyamba, ana otuwa mbuu ndi akulu ong'aluka zidendene. Ndikafunsa amati ndalama ya Vaseline palibe, chonsecho m'nyumba muli mtedza thumba lonse. Chachiwiri, ndimapeza anthu akudzola mafuta miyezi ndi miyezi pa matenda ofunika mankhwala.

Chaka chatha ndinafika pa khomo lina pamene agogo amalera adzukulu atatu. Mnyamata wamkulu anali ndi chipere kumutu. Agogo anamudzoza mafuta a nsatsi miyezi itatu, m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Tsitsi linapitirira kuthothoka, pamutu panayamba kutuluka mafinya, ndipo ang'ono ake awiri anatengera chifukwa onse ankametedwa ndi lumo limodzi. Agogo anandifunsa kuti, "Mwanawe, mafuta amenewa ndi amene anatilera ife. Lero atha mphamvu?" Ndinawayankha kuti, "Ayi agogo, mphamvu zake zilipo. Koma ntchito mwawapatsayi si yawo." Tinapita nawo ku chipatala, anawo analandira mapiritsi, ndipo tsitsi linameranso.

Choncho mfundo ya lero ndi imodzi. Mafuta amafewetsa khungu louma, koma sapha tizilombo tokhala m'khungu. Mukadziwa kusiyanitsa ziwirizi, simutaya ndalama pachabe, komanso simuchedwetsa wodwala.

Mafuta amagwira bwanji ntchito?

Inu alimi mukudziwa za udzu umene timaphimbira pa nazale ya fodya kapena ya kabichi. Udzuwo subweretsa madzi. Umangosunga madzi amene mwathirira kuti asauluke ndi dzuwa ndi mphepo. Mafuta pa khungu amachita chimodzimodzi.

Khungu lili ndi mafuta akeake amene amatsekera madzi m'kati. Mphepo yozizira, fumbi, sopo wochapira zovala, phulusa, ndiponso kuwotha moto pafupi kwambiri, zonsezi zimachotsa mafutawo. Madzi akathawa, khungu limatuwa, limayabwa, kenako limang'aluka ngati dothi la kudambo mu Okutobala. M'ming'alumo ndi mmene mumalowera litsiro ndi tizilombo.

N'chifukwa chake nthawi yabwino yodzola ndi pamene mwangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu. Dzipukuteni pang'ono, kenako dzolani. Mukadzola pa khungu louma gwa, lafumbi, muli ngati munthu wophimbira nazale yosathirira.

Mafuta ake ndi ati?

Mafuta a mpendadzuwa ndi opepuka, amalowa msanga, ndipo sakonda kuwenga. Pa ana ang'ono, amenewa ndi amene ndimayamba kutchula.

Mafuta a mtedza ndi osavuta kuyenga pakhomo. Ndi abwino pa miyendo, mikono ndi mapazi. Koma alipo anthu amene mtedza umawawenga. Munthu amene amatupa milomo kapena kutuluka zidzolo akadya mtedza asadzole mafutawa. Pa khanda, ndiponso pa mwana wa khungu losupuka, sankhani a mpendadzuwa.

Mafuta a chitowe amachita bwino ngati a mtedza, ndipo sachedwa kupezeka kumene chitowe chimalimidwa.

Mafuta a nsatsi ndi olemera, onanda. Makolo athu ankawasunga m'nsupa. Amathandiza kwambiri pa zidendene, mawondo ndi zigongono. Pa thupi lonse amamata, choncho asakanizeni: supuni imodzi ya nsatsi, masupuni atatu a mpendadzuwa kapena a mtedza.

Mafuta a kokonati amabwera ndi amalonda kuchokera ku Quelimane ndi madera ena a kunyanja. Kuno kwathu akazizidwa amagwirana n'kukhala oyera. Sanawonongeke ayi. Apakeni m'manja, asungunuka okha.

Ngati mulibe onsewa, mafuta ophikira a m'botolo, atsopano, amathandizanso. Koma amene akazingira kale chipisi, nsomba kapena mandasi ayi. Amenewo ndi opserera, ali ndi mchere ndi zinyenyeswa.

Kuyenga ndi kusunga

Mafuta a mtedza amayengedwa motere. Sankhani mtedza wabwino, kutaya wonse wowola, wofumbwa ndi wa chuku. Ukazingeni pang'ono, upukuseni n'kupeta. Sinjani mu mtondo woyera mpaka ukhale chiponde chosalala. Thirani madzi otentha pang'onopang'ono, kwinaku mukukanda ndi kufinya. Mudzaona mafuta akulekana ndi chiponde. Adontheretseni mu poto, muwaike pa moto wochepa kuti madzi otsalira aphwe, kenako asefeni ndi kansalu koyera. Chiponde chotsalacho musataye. Ndi chakudya chabwino m'phala la ana ndi m'ndiwo.

Za nsatsi mverani bwino. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa. Mwana akatafuna zochepa chabe akhoza kusanza, kutsekula m'mimba, ngakhale kufa kumene. Poizoniyo amatsalira m'zotsalira mukayenga. Choncho woyenga akhale munthu wamkulu wodziwa, amene amakazinga njere, kuzisinja, kuziwiritsa ndi madzi, n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba. Mtondo ndi mphika wa nsatsi zisagwirenso chakudya. Zotsalira zikwiriridwe pansi, kutali ndi ana, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Mafuta a nsatsi oyenga pakhomo ndi odzola basi, si akumwa. Makamaka amayi oyembekezera asamwe. Mwana akatafuna njere za nsatsi, thamangani naye ku chipatala, musadikire kuti ayambe kudwala.

Sungani mafuta m'botolo loyera, louma, lotsekeka bwino, pamalo a mthunzi. Kuno timalima kachewere, tomato ndi fodya, ndipo mabotolo a mankhwala opopera ali mbwee. Botolo la mankhwala a mbewu musasungiremo mafuta, ngakhale mutalitsuka kangati. Poizoni wake amalowa m'thupi kudzera pa khungu. Yengani ochepa, okwanira mwezi umodzi kapena iwiri. Akayamba kununkha chiwawa kapena fungo lachilendo, atayeni. Potenga, tsanulirani m'dzanja. Musaviike chala m'botolo.

Mafuta amene simunadzolepo, yambani mwawayesa. Pakani kadontho m'kati mwa mkono, mudikire masiku awiri. Pakafiira, pakatupa kapena pakayabwa, mafutawo si anu.

Mavuto amene mafuta amathandiza

Kutuwa ndi kuyabwa kwa nyengo yozizira. Sambani ndi madzi ofunda, osati otentha kwambiri. Sopo wa ufa wochapira zovala musasambire. Dzolani mukangosamba, ndiponso madzulo pogona. Mwana mmodzi supuni yaing'ono imodzi imamukwanira thupi lonse. Agogo athu khungu lawo limauma msanga kuposa la achinyamata, choncho muwathandize kudzola kumsana kumene manja awo safika.

Ming'alu ya kumapazi. Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda mphindi 10 kapena 15. Kwechani zidendene pa mwala mofatsa, osafika potulutsa magazi. Musadule chikopa ndi lumo. Pukutani, pakani mafuta a nsatsi kapena a mtedza, muvale sokosi kapena mukulunge kansalu koyera usiku wonse. Chitani izi tsiku ndi tsiku, ndipo masana muzivala nsapato kapena patapata. Pakati pa zala musapakepo mafuta, chifukwa pamenepo pamafunika pouma. Mng'alu ukatupa, ukatentha, kapena ukatulutsa mafinya, siyani mafuta, pitani ku chipatala. Odwala shuga asamakweche mapazi, ndipo kabala kalikonse ka kuphazi akakaonetse msanga.

Manja okhakhala. Amayi ochapa, anyamata oumba njerwa, omanga ndi simenti ndi ogwira ntchito kudimba, mukaweruka sambani m'manja ndi madzi oyera, mupake mafuta manja akadali onyowa pang'ono. Milomo yong'aluka imafunanso kadontho kamodzi kokha, kangapo pa tsiku.

Khungu louma loyabwa la ana, limene limakonda kubwera m'masaya, m'khosi, m'kati mwa zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Vutoli limapita n'kubweranso, ndipo silipatsirana. Mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati, kawiri pa tsiku, amachepetsa kuyabwa. Wengani zikhadabo za mwana kuti asadzivulaze pokanda. Pakayamba kuchucha madzi kapena kupanga nkhanambo zachikasu, ndiye kuti palowa tizilombo. Apo pakufunika chipatala.

Nkhanambo za kumutu kwa khanda. Pakani mafuta pang'ono, mudikire kanthawi kuti zifewe, kenako sambitsani ndi sopo wosambira n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Musazitong'ole ndi chikhadabo.

Chipsera cha bala limene lapola kale. Chikamauma ndi kuyabwa, kusisita ndi mafuta kumachifewetsa. Koma bala likhale litatsekeka lonse.

Mavuto amene mafuta sangachize

Mphere. Zimayamba ndi kachilombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira m'kati. Mudzazidziwa chifukwa zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda pakati pa zala, m'mfundo za manja, m'khwapa, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo m'nyumba okanda amakhala angapo. Mafuta amangoziziritsa kwa kanthawi, kachilomboko kakupitiriza kuswana. Ku chipatala kuli mankhwala opaka, pa botolo pamalembedwa benzoato de benzilo. Amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, osati pa zilonda pokha. Pa ana ang'ono anamwino adzakuuzani kasungunulidwe kake. Onse a m'nyumba apake tsiku limodzi, ngakhale amene sanayambe kukanda, chifukwa munthu amatha kukhala nako kachilomboka milungu inayi kapena isanu ndi umodzi asanamve kuyabwa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki mlungu wathunthu. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu iwiri kapena inayi mutapaka kale mankhwala. Apo ndiye pamene mafuta amathandiza, kufewetsa khungu pamene likuchira.

Chipere. Chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa chuku. Pa thupi chimaoneka chozungulira, m'mphepete motukuka, ndipo chimakula. Chimenechi chimamva mankhwala opaka monga clotrimazol. Cha kumutu, chimene chimathothola tsitsi, chimakhala m'mizu ya tsitsi mmene chopaka sichifika. Chimafuna mapiritsi, monga griseofulvina, kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Mwana amalize onse ngakhale tsitsi litayamba kumera. Lumo, chipeso, chipewa ndi chopukutira asabwerekane.

Khate. Mukaona banga lotuwa kapena lofiirira limene siliyabwa, silipweteka, ndipo silichoka, liyeseni. Munthuyo atsinzine, inu mumukhudze ndi nthenga kapena thonje, pa banga ndi pambali pake. Ngati pa bangapo sakumva, apite ku chipatala mlungu womwewo. Khate likadalipo m'dziko lathu la Mozambique. Si ufiti, si tsoka la kumtundu. Limachira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, ndipo mankhwalawo ndi aulere. Wozindikira msanga salumala. Wobisa banga ndi mafuta amadzafika dzanzi litalowa kale m'manja ndi m'mapazi.

Pelagra. Khungu limada, limakhakhala ndi kusupuka m'malo owomba dzuwa: mozungulira khosi, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, mbali zonse ziwiri mofanana. Ena amatsekula m'mimba, ena mutu umasokonezeka. Gwero lake ndi kudya nsima ya chimanga yokhayokha, makamaka ya ufa woyera, popanda ndiwo zokwanira. Omwa kachasu kwambiri amagwidwanso msanga. Akuluakulu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo akudziwa matendawa. Mu 1990, m'misasa ya kumwera kwa dzikolo, anthu a kwathu pafupifupi 18,000 anadwala pelagra mtedza utasiya kubwera pa chakudya chimene ankalandira. Apa mtedza wake ndi wodya, osati wodzola. Idyani mtedza, nyemba, usipa, mazira kapena nyama, ndipo wodwala akalandire mapiritsi a vitamini ku chipatala. Chimodzimodzinso mwana wotupa mapazi ndi nkhope, khungu likusupuka, tsitsi litafiira. Ameneyo akudwala kusowa kwa zakudya m'thupi. Mutengereni ku chipatala lero.

Zilonda za mafinya, zithupsa ndi matuza. Mafuta amatsekera tizilombo m'kati ndipo amakola fumbi. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, phimbani ndi nsalu yoyera, mukaonetse. Matuza opweteka ngati moto, ondondozana mbali imodzi ya thupi, kapena kuyabwa kwa thupi lonse kosatha miyezi, nthawi zina kumasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Musachite manyazi, kayezetseni magazi.

Kupsa ndi moto. M'nyengo yozizira ana ambiri amagwera pamoto kapena kutayikiridwa phala. Pamenepo musapake mafuta a mtundu uliwonse, kaya dzira, kaya mankhwala otsukira mano. Mafuta amasunga kutentha m'kati, bala n'kuzama. Thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera. Ngati wapsayo ndi mwana, kapena bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, kapena lili kumaso, m'manja kapena kumaliseche, pitani ku chipatala nthawi yomweyo.

Mchombo wa khanda. Agogo ndi apongozi, pano ndikupemphani mwaulemu. Pa mchombo umene sunapole pasapakidwe mafuta, phulusa, mwaye kapena ndowe. Pamenepo ndi khomo lolowera m'thupi la mwana, ndipo kafumbata amalowera pomwepo. Pakhale poyera ndi pouma. Chopaka ndi chokhacho chimene apereka anamwino.

Zina zofunika kusamala

Ndaonapo anthu akupaka oilo wakutha wa galimoto, mafuta a mabuleki, parafini, ngakhale makala a m'batire pa chipere ndi pa mphere. Amenewa si mankhwala. Amawotcha khungu n'kusiya bala loposa matenda amene mumafuna kuchiza. Mankhwala ophera tizilombo ta m'munda kapena a nkhupakupa za ng'ombe asafike pa thupi la munthu, ngakhale mutawasakaniza ndi mafuta.

Mafuta a mbewu sateteza ku dzuwa. Abale athu achialubino akadzola mafuta wamba n'kukhala padzuwa amapsa ndithu. Iwo amafunika chipewa cha khonde, zovala za manja aatali, mthunzi, ndi mafuta apadera oteteza ku dzuwa. Akakhala ndi kabala kosapola pa khungu kapena pa mlomo, akaonetse msanga.

Achinyamata a ziphuphu kumaso, mafuta olemera monga a nsatsi ndi a kokonati amatseka timabowo ta khungu, ziphuphu n'kuchuluka. Kumaso sambani ndi sopo wosambira, ndipo musazifinye.

Akuluakulu, dziwaninso kuti mafuta aliwonse, a mbewu kapena Vaseline, amafoola kondomu mpaka kuphulika. Ziwirizi zisakumane.

Musanatsegule botolo

Mwana kapena wamkulu akabwera akukanda, muyang'aneni poyera, masana, ndipo mudzifunse mafunso awa.

Kodi khungu langouma ndi kutuwa, popanda bala, mafinya kapena matuza? Dzolani mafuta.

Kodi m'nyumba muli wina amene akukandanso? Kodi banga likukula, tsitsi likuthothoka, kapena pa bangapo sakumva kukhudza? Kodi pali kutupa, mafinya kapena kutentha thupi? Pamenepo mafuta adikire, pitani ku chipatala.

Kodi mwadzola milungu iwiri koma palibe kusintha? Musawonjezere mwezi wina. Kaonetseni.

Ndikudziwa kuti kwa ambiri chipatala chili kutali, ndipo njinga yamoto imafuna ndalama. Yambirani kwa APE wa m'dera lanu kapena kwa ife oyenda m'makomo. Tidzaona limodzi, ndipo ngati n'kofunika kupita, tidzakuuzani kuti ulendo wanu usapite pachabe. Popita tengani botolo la chilichonse chimene mwakhala mukupaka, ndipo muwauze anamwino zoona. Zimenezi zimawathandiza kupeza mankhwala oyenera.

Agogo aja a adzukulu atatu sanataye nsupa yawo. Ndikadutsa pa khomo pawo madzulo ndimawapeza akuwadzoza anawo miyendo ndi zidendene atangosamba, ndipo mwana aliyense tsopano ali ndi lumo lake.

Chaka chino mukamakolola mtedza ndi mpendadzuwa, patulani pang'ono poyengera mafuta chisanu chisanafike. Kapepala aka kasungeni, ndipo mukambirane nkhaniyi kuchitsime, kutchalitchi, kumzikiti ndi pa msonkhano wa amfumu.